Mkamwini ndi mlamba: wolakwa ndani pamwambiwu?

Wa ku Area 25:
Lamulungu ndimaonera kanema wina wa nkhani yamakedzana pa laputopu ndi azakhali omwe abwera kuchokera ku Mitundu. Kanema wake woyenda ngati nkhono: mnyamata waganyu kulima m'munda wa bambo a mtsikana, mphepo kugwedeza udzu, awiriwo kuyang'anana pachitsime, osalankhula. Ana onse anagona, azakhali okha maso ali tong'o. Mnyamata atanyamula kathumba kake mbandakucha, iwo anaomba m'manja: "Ndinanena ine! Mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka." Ine ndinati ndiye kuti mkamwini ndi kamberembere. Anandidzudzula kuti ndisamamasulire za akulu mwachitauni, koma tanthauzo osandiuza. Abale, thandizeni.

Mayi wa ku Kawale:
Mwandikumbutsa agogo anga ku Nathenje. Ankaunena akutongola chimanga, osakweza mutu. Agogo aamuna anapita ku Joni pa Wenela. Mu 1974, ndege yonyamula anthu ochokera kumigodi itagwa ku Francistown, a Kamuzu analetsa zopita kumigodi, anzawo anayamba kubwera ndi masutukesi, iwo zii. Anasanduka mtchona. Khasu lawo linakhala patsindwi mpaka chiswe chinadya mpini. Agogo ankangoti mlamba wanga unabwerera kumadzi.

Mkulu wa ku Chinsapo:
Pepani mayi, koma mwaphonya. Mwambiwu ndi wolangiza apongozi. Munaugwirapo mlamba wamoyo? Ulibe mamba, thupi lonse ndi thelele. Ukaufinya ndi pomwe umapulumuka, n'kukubaya ndi minga yake. Taganizani, munthu wasiya kwawo, wamanga nyumba pamudzi wa eni, munda wa eni, ana omwe wabereka yekha wolamula ndi malume awo, mwinimbumba. Inu n'kumamudzutsa tambala woyamba kuti akalime kwa apongozi, kwake pambuyo. Angakhale?

Mayi wa ku Kawale:
Ndiye agogo anga ndi amene anawafinya? Bambo, tayankhulani bwino.

Mkulu wa ku Chinsapo:
Sindinatero amayi. Za ku Joni ndi za umphawi, nkhani ina. Ine ndikunena kagwiridwe.

Mlimi wa ku Malingunde:
Kwathu amauimba nyengo ya fodya. Mkazi wasoka fodya mpaka zala kuchita zikang'a, bambo akagulitsa ku Kanengo, basi sabata zitatu osaoneka. Kubwera ali ndi wailesi ndi shuga paketi imodzi. Ameneyo anamufinya ndani?

Mkulu wa ku Chinsapo:
Ameneyo ndi chidakwa, si mlamba. Ndaweza mu Diamphwe kuyambira ndili wamakabudula. Dziwe likaphwa, nsomba zina zonse zimafa, mlamba umatsala m'matope, ukupuma. Nsomba yopirira choncho ikathawa, dziwani kuti pavuta. Ndiye bwanji makolo sanati mkamwini ndi matemba?

Mphunzitsi wopuma:
Ine chikundipweteka ndi china. Ndinafunsa mdzukulu wanga kuti chitengwa n'chiyani, akuti ndi katundu wobedwa, pomwe ndi ukwati woti mkazi amakakhala kwawo kwa mwamuna. Chikole amadziwa cha ngongole chokha, choti ukapanda kubweza akulanda firiji. Kale chikole ndi kanthu komwe mnyamata ankapereka kwa mtsikana, kaya mikanda kaya mpango, kuti akaonetse kwa akuluakulu kuti wina wafunsira. Lero akuti bebi wanga, zonse pa WhatsApp, ankhoswe kumva mimba itaoneka kale.

Mfana wa ku Mtandire:
Madala, ife tikukhala nyumba ya lendi, munda tilibe, chikamwini tichitire pati? Mlamba timaudziwa wowamba, wa mumsika.

Mayi wa ku Kawale:
Mwamva? Madala. Kwa mphunzitsi! Ife tikanayankha choncho pakuka, agogo akanatitsina khutu.

Mkulu wa ku Chinsapo:
Tisasochere. Funsani azakhaliwo: m'kanemamo, bambo a mtsikana ankamusunga bwanji mnyamatayo?

Wa ku Area 25:
Ndawafunsa. Akuti ankadya yekha kukhola, chakudya chozizira. Ndiye ndati a ku Chinsapo akhoza. Akuti ayi, amuna awo ankadya nkhuku pamphasa yatsopano koma anapitabe. Panopa akufuna tiuonerenso usiku uno, akuti pamapeto paja panali munthu akubwera patali m'njira ya ngolo, ine ndinatseka msanga.