Ndapeza polowera madzi m'boti lija

Masabata awiri apitawo ndinafunsa chimene chinkachititsa kuti madzi azilowabe m'boti langa lamatabwa ngakhale ndinali nditamata mipata yonse ndi thonje ndi phula. Ndikuthokoza amene munandilangiza kuti ndilikokere kumtunda, liume, kenako ndiwaze ufa wa choko m'kati ndisanalibwezere pamadzi.

Litangoyandama, chokocho chinakhalabe chouma, koma nditaliza injini, kumbuyo kunamira pang'ono ndipo kamzere konyowa kanayamba kutsika kuchokera pabawuti yogwira injiniyo. Kunjenjemera kunali kutakulitsa bowolo, ndipo thabwa la pamenepo linali litafewa moti chikhadabo chinkalowa. Ndinasintha thabwa lonselo, chifukwa kumata pamalo owola kukanangobisa vutolo. Ndayenda maulendo anayi tsopano osakapako madzi.