Pepala langa labwezedwa chifukwa cha kalembedwe ka magwero, ndiyambire pati?

Moni akuluakulu nonse a pagulu lino. Ndabwera kudzapempha nzeru kwa inu amene munatumizapo kafukufuku wanu ku magazini a zasayansi. Sabata yatha ndinatumiza pepala langa loyamba, lokhudza tizilombo toyambitsa malungo timene sitikumva mankhwala ena, ndipo patangotha masiku atatu ofesi ya mkonzi inalibweza lisanafike n'komwe kwa akatswiri oliunika. Sanadandaule za kafukufuku weniweniyo, koma za momwe ndatchulira magwero. Ine ndinatsatira kalembedwe ka APA, koika dzina la wolemba ndi chaka m'kati mwa chiganizo, pamene magaziniyo imafuna kalembedwe ka Vancouver, ka manambala. Ndikuvomereza kuti malangizo awo kwa olemba sindinawawerenge mpaka kumapeto.

Magwero anga alipo 64 ndipo onse ndinawalemba pamanja. Ndinayamba kuwasintha limodzilimodzi, koma nditafika pa nambala 23 mnzanga amene tikulemba naye anawonjezera ndime kumayambiriro yokhala ndi magwero awiri atsopano, ndipo manambala onse a kutsogolo anasokonekera. Kodi ndipitirize pamanja, kapena ndiyambirenso ndi pulogalamu ya pakompyuta ngakhale nthawi yandithera? Ndikufunanso kudziwa kuti gwero lotchulidwa mu tebulo mokha limapatsidwa nambala iti, komanso pepala la olemba 11 limalembedwa bwanji.

Pali china chimene chikundilemera kuposa zonsezi. Magwero atatu sindinawawerenge ndekha. Ndinawapeza atatchulidwa m'pepala lina lounika kafukufuku wa anthu ambiri, ndipo ndinakopera mfundo zake pamodzi ndi magwerowo. Kodi zimenezi n'zololeka?

Woyankha woyamba:

Pepani ndithu achimwene, koma musapitirize pamanja. Mu Vancouver gwero limalandira nambala potengera malo amene latchulidwa koyamba, ndipo limasunga nambala yomweyo paliponse pamene latchulidwanso, choncho chiganizo chimodzi chikasunthidwa mndandanda wonse umasintha. Musaiwale kuti owunika akadzabweza pepalalo adzapempha kuti muwonjezere zina, ndiye ntchito imene mukuvutika nayo leroyi mudzaibwerezanso kawiri kapena katatu.

Ine ndimagwiritsa ntchito Zotero, pulogalamu yosunga ndi kusanja magwero, chifukwa ndi yaulere ndipo imalumikizana ndi Word, LibreOffice komanso Google Docs. Mendeley ndi EndNote zimagwira ntchito yomweyo. Simukuyenera kulembanso gwero lililonse, chifukwa mukaika nambala yozindikiritsa pepala yotchedwa DOI, imene imayamba ndi 10, kapena PMID, nambala ya pepala m'nkhokwe ya mapepala a zaumoyo ya PubMed, pulogalamuyo imadzitengera yokha mayina, chaka, voliyumu ndi masamba. Magwero 64 mukhoza kuwalowetsa madzulo amodzi. Kenaka fufuzani dzina la magaziniyo m'nkhokwe ya masitayilo ya Zotero, chifukwa magazini ambiri amene amati amatsatira Vancouver ali ndi tizinthu tawotawo: ena amafuna nambala m'mabulaketi, ena amaifuna yaing'ono pamwamba pa mzere, ena isanafike mpumiro, ena itadutsa.

Za tebulo, gwero lotchulidwa mu tebulo mokha limalandira nambala molingana ndi malo amene tebuloyo yatchulidwa koyamba m'nkhani. Za olemba 11, kawirikawiri Vancouver imalemba asanu ndi mmodzi oyambirira kenaka et al. (kutanthauza kuti “ndi ena”), pamene kalembedwe kena kotchedwa AMA kamalemba atatu okha ngati olemba apitirira asanu ndi mmodzi. APA, m'kope lake lachisanu ndi chiwiri la 2019, imalola mayina mpaka 20 mumndandanda. Pa mfundo imeneyi malangizo a magaziniyo ndiwo ali ndi mawu omaliza.

Woyankha wachiwiri:

Ndikugwirizana ndi zimene anena akuluwa, koma ndikufuna kuchenjeza kuti pulogalamu imatulutsa zimene mwaipatsa. Ine ndakhala ndikuunika mapepala kwa zaka zingapo, ndipo zolakwika zimene ndimaziona kawirikawiri zimachokera kwa anthu amene anakhulupirira pulogalamu osawerenganso mndandanda. Dzina la bungwe monga World Health Organization limatuluka ngati dzina la munthu, Organization WH, ngati simunaliike m'kabokosi kamodzi. Dzina la kachilombo monga Plasmodium falciparum limataya zilembo zopendekeka. Mitu ina imabwera ndi zilembo zazikulu pa liwu lililonse, ina ayi. Magazini ambiri a pa intaneti salembanso masamba koma nambala ya pepala, ndipo nambalayo nthawi zina imasowa. Mayina a magazini afupikitseni potsatira NLM Catalog, kaundula wa laibulale ya zaumoyo ya dziko la America, musapeke chidule chanu.

Koma funso lanu lomaliza ndilo lofunika kwambiri, ndipo ndakondwa kuti mwalifunsa poyera. Mukaika gwero mumndandanda mumakhala mukuuza wowerenga kuti munaliona ndi maso anu ndipo likunenadi zimene mwalemba. Wolemba pepala lounika lija akhoza kukhala kuti anafupikitsa mfundoyo molakwika, kapena kuti kafukufuku woyambayo anachitika pa anthu ochepa, m'dera lina, ndi mankhwala a mlingo wina. Mukakopera osawerenga, cholakwa chake chimasanduka chanu, ndipo wina adzakopera kwa inu. Yesetsani kupeza mapepala atatuwo kudzera ku laibulale, ku PubMed Central, kapena polembera wolemba wake, amene nthawi zambiri amatumiza mosavuta. Ngati alephereka ndithu, tchulani pepala limene munawerengalo, osati limene simunalione. APA ili ndi njira yosonyezera kuti mfundo mwaitenga kudzera mwa wolemba wina, koma magazini a zaumoyo amakonda kuti mupite ku gwero lenileni.

Onaninso ngati pakati pa magwero anu palibe pepala limene linachotsedwa ndi magazini yake. Zotero imaika chizindikiro chofiira pa mapepala otere pogwiritsa ntchito nkhokwe ya Retraction Watch, ndipo PubMed nayo imasonyeza.

Wofunsa:

Zikomo kwambiri nonse awiri. Usiku wathawu ndalowetsa magwero 58, ndipo asanu ndi limodzi otsalawo alibe DOI chifukwa ndi malipoti a mabungwe ndi mutu umodzi wa m'buku, choncho ndiwalemba ndekha mosamala. Mwa mapepala atatu aja ndapezapo awiri. Limodzi likugwirizana ndi zimene ndinalemba, koma linalo linali la kafukufuku wa mu labotale, osati wa odwala monga momwe chiganizo changa chimanenera, ndiye ndachikonza. Ndatsala ndi funso limodzi: mnzanga wina anandiuza zotsatira zake zimene sanazisindikize, kodi ndiziike mumndandanda?

Woyankha wachiwiri:

Ayi, zimenezo sizilowa mumndandanda chifukwa wowerenga sangathe kuzipeza. Zitchuleni m'chiganizo momwemo monga zimene munauzidwa, muike dzina lake ndi tsiku, ndipo mupemphe chilolezo chake cholembedwa popeza magazini ambiri amachifuna. Ngati anaziika kale pa medRxiv kapena bioRxiv, malo a pa intaneti oikapo mapepala asanasindikizidwe m'magazini, ndiye kuti zili ndi DOI ndipo zikhoza kulowa, koma musonyeze kuti sizinaunikidwe ndi akatswiri. Musanatumize, sungani kope limodzi lolumikizidwa ndi Zotero loti mudzagwirirepo ntchito owunika akadzayankha, ndipo ngati magaziniyo ikufuna zolemba wamba, pa kope lotumizalo chotsani kulumikizanako.