Fawulo ya throw-in m'mphindi 2 zomaliza: mumaigwira bwanji?

Oyimbira anzanga, ndithandizeni pa lamulo la FIBA (bungwe loyendetsa basketball padziko lonse) lomwe silionekaoneka m'masewero. Mu kota yachinayi kapena nthawi yowonjezera, kukatsala mphindi 2 kapena zosakwana, wotchinga akachita fawulo mpira udakali m'manja mwa woponya ali kunja, chilango chake kuyambira 2022 ndi free throw imodzi (mwayi wochinya popanda wotchinga), kenako timu yolakwiridwayo imaponyanso pafupi ndi pomwe palakwikapo. Kale inkatengedwa ngati unsportsmanlike (fawulo ya khalidwe losayenera pamasewero).

Povuta ndi apa: woyimbira amene wapereka mpira maso ali pa mzere, akuwerenga masekondi 5, pomwe kukokana jezi kukuchitika chapatali. Woliza wezulo amakhala mnzake, yemwe sanaone ngati mpira unali utachoka m'manja. Mumagawana bwanji ntchitoyi? Nanga kukokako kukanyanya, mumayang'ana chiyani musanagamule unsportsmanlike ya ma free throw 2?