Thandizeni abale, amuna anga akuti tikagone mu tenti kuphiri

Membala wobisa dzina: Admin ndibiseni chonde, azilamu anga ali pagulu pompano. Amuna anga apanga zoti holide ino ya nyengo yotentha tiyende pagalimoto masiku 5, kukwera phiri komanso kumagona mu tenti, ine chibadwire sindinagonepo panja. Tentiyo tabwereka kwa mlamu wanga yemwe chaka chatha anatenga cooler box yathu nkubweza yopanda chivindikiro mpaka lero olo pepani, ndiye pano akuti atsagana nafe koma ya mafuta sakutchulako. Galimotonso mabuleki akumalira koma bambowa akuti ndi fumbi chabe. Ine ndimafuna kunyanja koma mnyumba muno mawu anga samveka. Titenge chani? Poti kukutentha ndimati ndingonyamula mashiti awiri ofunda ndi majinzi.

Nabanda: Phiri lake liti, lalitali bwanji, ndipo mukagona mmunsi kapena pamwamba? Tiuzeni kaye izi.

Mdala Wamapiri: MASHITI?? Mayi mukalira. Ukakwera mamita 1,000 kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6 ndi theka, ndiye ngati mmunsi muli 28, mukakwera mamita 2,000 mwapeza 15, awo ndi masana, usiku osanena. Chinanso kuzizira kumalowera pansi, mufunde mabulangete atatu koma opanda kamatiresi koyala mudzuka msana uli gwaa. Ine ndinayamba kukwera mapiri ena muno musanabadwe.

Jah Bless: Nyumba muli nayo, bedi muli nalo, muwotche mafuta kuti mukagone pamiyala kkkkk mavuto ochita kugula

Mai a Mapasa: Sis nkhani apa si phiri ayi, ndi mlamuyo. Wanga anabwereka ketulo nkukaipereka kwa chibwenzi chake. Ameneyo akakudyerani kamba yense tsiku loyamba lomwe, muuzeni asonkhe kapena atsale.

Makaniko Weniweni: Nonse mwalumpha za mabuleki. Fumbi lake liti? Akaonetse ma pad a mabulekiwo musananyamuke. Potsika mtsetse wautali aike giya 2 injini izigwira yokha galimoto, akapondereza buleki njira yonse amatentha, brake fluid nkuwira, kenako ukaponda phazi limangolowa mpaka pansi galimoto ili chithamangire. Aonenso madzi a mu radiator.

Big Joe: A Mdala musaopseze anthu, ine ndinakwerapo ndi jinzi ndi masilipasi ndinabwerako bhobho

Mdala Wamapiri: Big Joe iwe unakwera chulu. Jinzi ndi thonje, ikanyowa ndi thukuta kapena mvula siuma msanga, mphepo ikawomba thupi limazizira mpaka munthu kuyamba kuyankhula zosamveka. Anthu ngati iwe ndi amene timakawanyamula pamachira.

Big Joe: Mwanyamulapo angati madala kkkk

Achemwali Anu: Tengani kambaula muzikaika mu tenti usiku, kuzizira konse kutha

Nesi Wapanaiti: Chonde chonde ayi!! Makala kapena sitovu ya gasi mu tenti yotseka zimatulutsa mpweya wapoizoni wotchedwa carbon monoxide, ulibe fungo, mumangogona osadzukanso. Phikirani panja. Madzi a mumtsinje awiritseni abwadamuke mphindi imodzi, mukakhala pamwamba kwambiri mphindi 3. Kupitirira mamita 2,500 ena mutu umawawa, nseru, tulo osabwera, zikatero musakwerenso, zikamakula tsikani. Pali wa asthma kapena BP pagulu lanulo?

Wakale Uja: Ife tinakhoma tenti mmbali mwa kamtsinje poti panali posalala, mvula sinagwe pomwe tinalipo inagwa kumtunda, pakati pausiku tinangomva madzi ali mmakutu, nsapato zanga zatsopano zinapita, ndipo mtsikana ndinapita nayeyo anandisiya sabata yomweyo

Jah Bless: Anatsatira nsapato kkkkk

Mdala Wamapiri: Wakale izo ndi zomwe ndimanena ine tsiku ndi tsiku koma simumva. Komanso nyamukani mbandakucha, ziphaliwali zimakonda masana, 12 ikamakwana muzikhala mukutsika osati kujambulitsa pansonga. Tochi yapamutu, jekete ya mvula, ndipo pezani gaidi. Foni musaidalire, netiweki kulibe ndipo batire imatha msanga kukazizira.

Mai a Mapasa: A Mdala mwayankhula kokwana, apatseniko mpata ena. Funso ndi loti mwamuna angapange bwanji pulani osamufunsa mkazi wake

Bambo Abusa Junior: Mayi lemekezani amuna anu, nkhani za mnyumba sitibwera nazo pa Facebook

Nabanda: Ndafunsa kale, PHIRI LAKE LITI?

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse, makamaka Mai a Mapasa mwandimvetsa. Ndamuimbira mlamu uja akuti chivindikirocho sanachionepo, pomwe anachitenga ine ndikuona. Paja mwana wa miyezi 8 angagone bwinobwino mu tenti eti?

Nesi Wapanaiti: Mwana???