Ana amayankha bwino koma safunsa: ndiwathandize bwanji?

Mphunzitsi Watsopano

Ndimaphunzitsa ana a zaka 8 ndi 9, ndipo ambiri amawerenga mosadodoma. Ndikawafunsa kuti nkhani yachitikira kuti, manja amakwera m'kalasi monse. Koma sabata yatha, titawerenga nkhani ya mtsikana amene anabisa kalata ya bambo ake pansi pa mtsamiro, ndinawapempha kuti nawonso afunse mafunso awo, ndipo onse anangoti zii. Patapita nthawi mwana mmodzi anafunsa dzina la mtsikanayo, chikhalirecho dzinalo linali pamutu penipeni pa nkhaniyo. Aphunzitsi anzanga ndi makolo, kodi luso lofunsa limaphunzitsika, kapena munthu amachita kubadwa nalo?

Mphunzitsi Wopuma Pantchito

Limaphunzitsika ndithu, aphunzitsi, ndipo mwana uja sanalakwe. Iye anakubwezerani funso la mtundu umene amamva tsiku ndi tsiku, funso limene wofunsayo amadziwa kale yankho lake. Kwa ana otere, funso ndi mayeso, ndipo mayeso amapereka ndi mphunzitsi. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, wofufuza za maphunziro Dolores Durkin atayendera makalasi ku America anapeza kuti aphunzitsi ankathera nthawi yambiri akuyesa ngati ana amvetsa nkhani, pamene nthawi yowaphunzitsa kamvetsedwe kake inali yochepa kwambiri.

Tsono yambani ndinu. Werengani mokweza, muime pakati, mudabwe pamaso pawo ndi chinthu chimene chakuzunguzanidi mutu, monga kunena kuti, "Ngati mtsikanayu sanafune kuti bambo ake aione kalatayi, bwanji sanangoing'amba?" Mukatero musayankhe, ngakhale pakamwa payabwe bwanji. Wofufuza wina, Mary Budd Rowe, anaonetsa kuti aphunzitsi ambiri amadikira pafupifupi sekondi imodzi yokha akafunsa funso, ndipo kuti akadikira masekondi atatu, mayankho a ana amatalika ndiponso ana enieniwo amayamba kufunsa. Ine ndinkawerenga chamumtima mpaka zisanu, chifukwa ndinkadziwa kuti ndine wopupuluma.

Wokonda Mabuku a Ana

Ndikugwirizana ndi abambo amene ayankha pamwambapa, koma ndikuona kuti kudabwa kwa mphunzitsi pakokha sikukwanira, chifukwa mwana amafunika kudziwanso kumene yankho la funso lake limakhala. M'zaka za m'ma 1980, wofufuza za kawerengedwe Taffy Raphael anagawa mafunso m'magulu malinga ndi kumene yankho limapezeka: lina lili m'chiganizo chimodzi, lina umalitolera m'malo angapo m'nkhani, lina limafuna kuti uphatikize zimene wolemba wanena ndi zimene ukudziwa, ndipo lina limachokera kwa iwe wekha. Kwa ana a msinkhu umenewo, yambani ndi magulu awiri okha, "m'buku" ndi "m'mutu". Ana afunse awiriawiri, inu mulembe funso lililonse pa bolodi monga momwe lanenedwera, osalikonza kapena kuliyamikira, kenako onse pamodzi aligawire gulu lake. Funso la dzina lija lidzapita ku "m'buku" popanda aliyense kuchita manyazi, ndipo posakhalitsa anawo adzaona okha kuti mafunso oyamba ndi "chifukwa chiyani" ndiwo amautsa mtsutso wokoma.

Mayi wa Ana Atatu

Ine sindine mphunzitsi, koma ndikupempha kuti mafunso ang'onoang'ono musawanyoze. Mwana wanga wamkazi anafunsapo m'kalasi tanthauzo la liwu limene anzake ankalidziwa, iwo anaseka, ndipo anatha chaka chonse osakwezanso dzanja. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndiye mwana amene wanena kuti "sindinamve apa" wachita chinthu chachikulu, popeza wazindikira malo enieni amene nkhani yamutayira. Chinanso, musaimitse nkhani pa chiganizo chilichonse. Ndinayesapo zimenezo powerengera ana madzulo, mpaka wamng'ono anandiuza kuti ndingowerenga basi.

Mphunzitsi Watsopano

Zikomo kwambiri nonse. Dzulo tinabwereranso ku nkhani ya kalata ija, ndinafunsa funso lija lonena za kung'amba kalata, nkudikira. Mayi, ndinakumbukira mawu anu ndipo ndinaima kawiri kokha. Mafunso ambiri anapita ku "m'buku", koma mnyamata wina amene sakonda kulankhula anafunsa kuti, "Kodi mtsikanayu amadziwa kuwerenga?" Tinafufuza nkhani yonse, ndipo wolemba sananene paliponse. Ana anagawikana pawiri: ena akuti anabisa kalatayo chifukwa anaiwerenga, ena akuti anaibisa chifukwa ankaopa zimene sankatha kuwerenga. Belu linalira asanagwirizane, ndipo mafunso 11 atsala pa bolodi osayankhidwa. Kodi ndiwafufute Lolemba, kapena ndiwasiye pomwepo mpaka anawo awapezere mayankho?