Njinga za ana ongoyamba kumene: ndisankhe iti, ndiichune bwanji?

Make Tamanda:
Moni nonse. Ana anga awiri akufuna njinga, aliyense yake. Wamng'onoyo ndi mtsikana wa zaka 6, kutalika masentimita 116, sanakwerepo njinga chibadwire. Wamkulu ndi mnyamata wa zaka 12, masentimita 148. Kupalasa amatha, koma mtima wake uli pa tinjinga tamoto toyenda m'fumbi tija amati dirt bike, kuti aziyendetsa kumunda kwa agogo ake. Ogulitsa akuti mtsikanayu ndimugulire ya magudumu a mainchesi 20 chifukwa "adzakula nayo", pomwe mnyamatayu angophunzirira pa njinga yamoto ya kabaza. Kodi akunena zoona? Nanga ndikagula, ndi ziti zofunika kusintha ana asanakwere?

Wasipanala:
Mayi, zoti "adzakula nayo" musazimvere. Mwana akakhala pachishalo mapazi osafika pansi amachita mantha, ndipo wamantha saphunzira.

Zaka musaziyang'ane kwambiri, yezani mwendo. Muimitseni kukhoma atavala nsapato, muike buku pakati pa miyendo mpaka likhudze kumwamba, ndiye muyeze kuchokera pansi kufika pamsana pa bukulo. Mwana wa msinkhu umenewo mwendo wake umakhala cha m'ma masentimita 50 mpaka 53. Pitani kumsika ndi tepi, mutsitse chishalo mpaka pothera, muyeze kuchokera pansi. Chikapitirira muyezo wa mwendo, njingayo ndi yaikulu. Za mainchesi 20 zambiri sizitsika kupyola 55, n'chifukwa chake yomuyenera ndi ya 16. Muinyamulenso mumve kulemera. Mwanayo mwina ali ndi makilogalamu 20, ndiye njinga ya makilogalamu 13 kwa iye ili ngati inuyo mukupalasa mutasenzetsa thumba la chimanga. Mwa ziwiri zofanana, tengani yopepukayo ngakhale utoto utasuluka.

Timagudumu tam'mbali tija chotsani. Njinga imakhota munthu akapendekera mkati mwa kona, koma timagudumuto timazolowetsa mwana kutsamira kunja, ndiye tsiku lochotsa amayambiranso pachiyambi. Chotsaninso mapedulo onse awiri ndi sipanala ya 15. Apa ndi pomwe ambiri amaononga: pedulo yakumanzere mazinga ake ndi otembenuza, imamasuka mukamazungulira mbali yomwe ina ija imamangira. Njira yosaiwalika ndi iyi, imikani sipanala choloza kumwamba n'kukankhira kugudumu lakumbuyo, mbali zonse ziwiri. Pobwezera onani chilembo L kapena R chili kumapeto, mupake girizi, muyambe kumanga ndi zala. Ikalimba pa mazinga awiri oyamba ndiye kuti yalowa mopingasa, musakakamize.

Chishalo chikhale masentimita 2 pansi pa muyezo wa mwendo, mapazi onse aponde bwino maondo atapindika pang'ono. Pezani malo otsetsereka pang'ono a dothi lolimba, azidzikankha ndi mapazi kenako n'kuwanyamula. Akamatha kuyenda mapazi ali m'mwamba inu n'kuwerenga mpaka 10, bwezerani mapedulo. Pomuthandiza gwirani mwanayo kumsana, osati mahandulo, chifukwa mukagwira mahandulo woyendetsa ndi inu. Akazolowera muzikweza chishalo sentimita imodzi pa nthawi mpaka azingogunda pansi ndi zala.

Namasipoko:
A Wasipanala anena bwino, ine ndionjezere za mabuleki poti ndi omwe amaiwalika. Njinga zina za ana zimaima ukapalasa chobwerera m'mbuyo. Mukachotsa mapedulo pa yoteroyo ndiye kuti mwachotsanso buleki, choncho onetsetsani kuti ilinso ndi yam'manja.

Dzanja la mwana wa zaka 6 ndi laling'ono. Pa chogwirira buleki pamakhala kasikuluwu ka aleni ya mamilimita 2. Mukakalowetsa, chogwiriracho chimasendera kufupi ndi handulo. Chisendezeni mpaka nsonga za zala zake zizikola chikhatho chisanachoke pa handulo. Zikatero waya amakungika, ndiye mumasule pang'ono kuti malabala a buleki atalikirane ndi rimu milimita imodzi kapena awiri mbali zonse. Labala igunde rimu pokhapo. Ikakhudza tayala imalicheka m'mbali mpaka chubu kutuluka. Yesani kukoka buleki ndi kachala kanu kakang'ono. Ikakukanikani, mwana sangaithe, ndipo kawirikawiri vuto limakhala dzimbiri mkati mwa chikuto cha waya. Sinthani waya ndi chikuto chomwe, kuthira oyilo kumangothandiza masiku ochepa.

Onaninso kuti dzanja liti likugwira gudumu liti. Njinga zochokera ku Britain ndi ku Japan buleki yakutsogolo imakhala kumanja, za ku America imakhala kumanzere. Pa njinga yopalasa ya mnyamatayo, yakutsogolo muiike kumanja panopa, chifukwa pa njinga yamoto kumanja ndi buleki yakutsogolo nthawi zonse, ndipo dzanja limachita zomwe linazolowera.

Ngati mukugula yakaunjika, suzumirani pansi pa paipi ya felemu, kuseri kwa khosi. Utoto ukachita makwinya pamenepo, njingayo inaombapo chinthu, isiyeni. Gwirani buleki yakutsogolo n'kuigwedezera kutsogolo ndi kumbuyo. Kukamveka kugogoda, khosi lakhwepa, koma limenelo ndi lomangika. Yesani kukweza ndi kutsitsa chishalo musanalipire, poti chitsulo chake chikagwirana ndi felemu chifukwa cha dzimbiri mwagula njinga ya msinkhu umodzi. Pa chitsulocho pali mzere wosonyeza polekezera, usaonekere kunja. Kunsonga kwa mahandulo kukhale kotseka ndi labala, chifukwa paipi yoonekera imavulaza pamimba mwana akaigwera.

Pogula tayala kapena chubu werengani nambala yapambali, monga 47-305. Ya kumapetoyo ndiye kukula kwa rimu: 305 ndi ya mainchesi 16 wamba, 406 ndi ya 20. Ziliponso za 349 zomwe nazo amati 16, koma sizilowana. Mpweya wa 25 mpaka 30 psi (muyezo wa mpweya wa m'tayala) ndi wokwanira mwana wopepuka chonchi. Mukapopa gwa, njinga imadumphadumpha pa miyala.

Malume Fumbi:
Make Tamanda, ya kabaza ayi ndithu. Imalemera kupitirira makilogalamu 100, chishalo chili cha m'ma masentimita 80, matayala ndi a patala, ndipo ikamugwera pamwendo sangaidzutse.

Yang'anani za 110cc (kukula kwa injini) za four-stroke, mtundu wa injini yofatsa: Honda CRF110F, Yamaha TT-R110E kapena Kawasaki KLX110R. Chishalo chawo chili pakati pa masentimita 66 ndi 68, kulemera pakati pa makilogalamu 70 ndi 80, magiya 4, ndipo zilibe chogwirira kilatchi, mwana amangosiya faya n'kusintha giya ndi phazi. Musanyengeke ndi nambala yochepa ya KTM 65 SX kapena Yamaha YZ85. Zimenezo ndi za mpikisano, za injini ya mtundu wina wotchedwa two-stroke, mphamvu yake imabwera mwadzidzidzi injini ikakwera, ndipo 85 yoteroyo imathamanga kusiya 110 kutali.

Pa bokosi la faya, kumanja kwa handulo, pali sikuluwu yokhala ndi nati. Masulani natiyo, lowetsani sikuluwu mpaka faya izingopotoka gawo limodzi mwa magawo atatu, mumangenso nati. Muzibweza pang'onopang'ono akamakhwima. Faya ikhale ndi mpata wa mamilimita 2 mpaka 6 isanayambe kukoka waya, ndipo mukaisiya ibwerere yokha msanga. Lizani injini, mukhotetse mahandulo mpaka pothera mbali zonse. Phokoso likakwera, waya wapanika penapake, musamukweze musanakonze.

Zogwirira buleki ndi kilatchi, ngati ilipo, zipendekere pansi pang'ono kuti akaimirira pa zopondera, mkono ndi chikhatho zikhale mzere umodzi. Mabauti ake musamange kwambiri, kuti njinga ikagwa chogwirira chizungulire m'malo mothyoka. Chopondera buleki yakumbuyo chikhale chofanana ndi popondera phazi kapena kutsikirako pang'ono; chikakwera amayenda ataiponda osadziwa, buleki n'kupsa. Matayala 15 psi. Tcheni chisakungike, chifukwa shoko ikamira chimakokeka n'kudya masiproketi ndi mabelingi. Muyezo wake uli m'buku la njingayo, muutsate. Sefa ya mpweya ndi siponji: m'fumbi la Okutobala muichape akangokwera kawiri kapena katatu, iume, muinyowetse ndi oyilo wake n'kufinya osapotokola. Siponji youma imalowetsa fumbi, fumbilo limapala pisitoni.

Tsiku loyamba injini ikhale yozima. Mumukankhe, aphunzire kuima ndi mabuleki onse awiri, apezenso batani lozimitsira osaliyang'ana. Ngozi yaikulu ya ongoyamba ndi iyi: njinga ikanyamuka modzidzimutsa thupi limatsalira m'mbuyo, dzanja limakoka faya, njinga n'kuonjeza liwiro. Agwire faya polumikizira dzanja pali chotsika, akhale kutsogolo kwa chishalo, maondo atapana thanki.

Chisoti chikhale chotchinga ndi chibwano chomwe, chokhala ndi chizindikiro cha chitetezo cha ECE kapena DOT, choyeza mutu wake. Cha abambo ake chimavuka pogwa. Magalasi, magolovesi, zotchinga maondo, ndi jombo zopitirira akakolo, poti paipi ya utsi imaotcha. Njingazi zilibe nyali kapena nambala, si za pamsewu, ndipo mlongo wakeyo asamukweze kumbuyo.

Wasipanala:
Achimwene, pa 110 ndikusiyana nanu pang'ono. Mnyamata wa zaka 12 ali pafupi kukula mofulumira, ndipo maondo akayamba kugunda mahandulo sangathe kuimirira bwino. Mwendo wake ukakwana masentimita 70, CRF125F ya magudumu aang'ono, mainchesi 17 kutsogolo 14 kumbuyo, ingamuyenere. Chishalo chili cha m'ma 74, ndipo shoko imatsikirako akakhala. Ili ndi kilatchi, koma injini yake ndi yofatsa. Chogwirira kilatchi chikhale ndi mpata wa mamilimita 10 mpaka 20 kunsonga. Mpata ukasowa kilatchi imaterereka n'kupsa, ukachuluka magiya amalimba.

Malume Fumbi:
Palibe kukangana a Wasipanala, aziyese zonse ziwiri. Akakhala pachishalo zala za mapazi onse zigunde pansi, kenako muigoneke pa udzu aidzutse yekha. Ya 125 ili pafupi makilogalamu 90, ndiye ikamukanika atenge 110.

Mayi, ngati ndi yogwirapo kale ntchito, uzani wogulitsa asailize inu musanafike, mugwire injini mumve kuti ndi yozizira, chifukwa yotentha imabisa vuto lolira movutikira. Utsi wabuluu pa four-stroke ndiye kuti ikudya oyilo. Chotsani sefa mupise chala mkati mwa paipi yopita ku injini; mukapeza fumbi, tsitsani mtengo kapena muchoke. Gogodani masipoko ndi sipanala, olira mosamveka bwino ndi okhwepa. Mano a siproketi akapindika ngati mbedza, werengerani ndalama ya tcheni ndi masiproketi onse awiri, amasinthidwa pamodzi. Ikakhala ya ku China yatsopano, khuthulani oyilo wobwera nayo muthire wa njinga zamoto, mumange bauti iliyonse asanakwere, ndipo mubwerezenso akangoyenda ola loyamba.