Zowonjezera pa funso la "never" ndi "ever"

Pa funso lija loti munganene bwanji m'Chingerezi kuti chinthu chidzakhala choncho mpaka kalekale, tinayankha kuti "never" kapena "always" amalowa pakati pa "will" ndi mneni: "She will never agree", "He will always help". Ena afunsanso kuti nanga ukamakayika umatani.

Mukayamba ndi "I doubt" kapena "I don't think", kukana kwalowa kale m'chiganizo. Choncho mbali yachiwiri imafuna "ever", osati "never": "I doubt he will ever pay." Apa mukunena kuti simukukhulupirira kuti munthuyo adzalipira, ngakhale papite zaka zingati. Mukalemba "I doubt he will never pay", kukana kuwiriko kumaphana ndipo tanthauzo limatembenuka: zikumveka ngati mukuyembekezera kuti munthuyo adzalipira ndithu. Pamenepa ndi pomwe ambiri amapunthwa. Pewaninso "won't never" polemba. Chovomerezeka ndi "won't ever".

Mukafuna kusiya kampata, nenani "may never": "The bridge may never be finished" akutanthauza kuti mwina mlathowo sudzatha kumangidwa, koma mwinanso udzatha. Ngati mukutsimikiza kuti zidzachitika zivute zitani, pali "bound to": "Prices are bound to rise."